Bala Lapola, Koma Mwendo Ukuyakabe

Nkhani imene inakambidwa pa boma la Dedza kwa anthu ochitidwa opaleshoni ya msana, owasamalira, mafumu ndi alangizi a zaumoyo

Mafumu athu, a Gulupu ndi a Nyakwawa, alangizi a zaumoyo, amayi ndi abambo, makamaka inu amene mwasankha kukhala m'mbali mwa khoma chifukwa benchi yopanda chotsamira imakuzunzani, ndisanapite patali ndipereke chilolezo. Aliyense amene msana kapena mwendo ungamuvute ndili mkati molankhula, adzuke, ayendeyende kumbuyoko, abwerenso. Sindiyesa mwano. Ine ntchito yanga ndi ya mafizo, ndipo munthu wa bala la msana akandikhalira phee ola lathunthu, ndiye kuti zimene ndimaphunzitsa sizinamveke.

Chaka china anandipeza bambo wina wa cha ku Bembeke, mlimi wa kachewere. Dzina ndilisunga. Anali atavutika miyezi 8 ndi mwendo wamanzere, moto woyambira m'thako, kutsika kuseri kwa ntchafu, kudutsa m'mbali mwa msongolo mpaka kukatera pa chala chachikulu. Anamuchita opaleshoni ku Lilongwe. Potsitsimuka anapeza mwendo uli zii, ngati sunapwetekepo chibadwire. Anaimbira foni abale onse, ndi ku Joni komwe. Atabwerera kumudzi anakhala sabata imodzi akugona tulo tabwino. Usiku wa tsiku la khumi moto uja unayakanso, njira yake yomwe ija. M'mawa anakwera kabaza, mseu wa mabampu, mpaka kuno ku boma. Mawu ake oyamba anali akuti, "Adokotala, opaleshoni ija yaphwasuka." Mayi a kunyumba kwake anandikokera pambali nati abale ayamba kale kunena kuti chinthu chochotsedwa ndi mpeni sichibwerera chokha, pali munthu. Mlamu wake naye anali ndi maganizo ake: bala lapola, ulusi anachotsa, bamboyu akungothawa khasu.

Yaphwasuka, pali munthu, ndi ulesi. Mawu atatu amenewa ndawamva m'makomo ambiri kuyambira ku Lobi mpaka ku Mtakataka, ndipo kawirikawiri onse atatu amakhala olakwika.

Tiyambe ndi chimene chili pansi pa chipsera chanu. M'munsi mwa msana, pamene ife timati m'chiuno, muli mafupa asanu osanjikizana. Madokotala amawawerenga kuchokera pamwamba, L1 mpaka L5, ndipo pansi pake pali fupa lalikulu la pakati pa matako limene gawo lake loyamba ndi S1. Zilembo zimenezi mumaziona m'buku lanu la kuchipatala. Pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kamene achipatala amati disiki. Ine ndimakatcha nkhata, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo imene nkhata imagwira pakati pa mutu ndi ndowa. Kunja kwake ndi kolimba, mkati mwake ndi mofewa ngati phala lolimbirako. Nkhata ikang'ambika, zamkatizo zimatuluka n'kukakanikiza mtsempha umene ukudutsa pafupi. Malo amene izi zimachitika kwambiri ndi awiri apansi penipeni, pakati pa L4 ndi L5, ndi pakati pa L5 ndi S1, poti ndi pamene katundu yense wa thupi amatsamira.

Chichewa chathu apa chimatisokoneza pang'ono. Timati mtsempha ponena njira ya magazi, timatinso mtsempha ponena chingwe choyera chimene chimatenga uthenga kuchokera ku ubongo kupita ku phazi ndi kubwerera. Lero ndikamati mtsempha ndikunena wachiwiriwu. Mitsempha yotuluka m'munsi mwa msana imaphatikizana n'kupanga chingwe chimodzi chachikulu kuposa zonse m'thupi, chonenepa ngati chala chamanthu, chimene chimadutsa m'thako kutsikira ku mwendo. N'chifukwa chake vuto limakhala m'chiuno koma kulira kumamveka ku phazi. Mtsempha wa L5 ukapanikizika, chala chachikulu ndi pamwamba pa phazi ndiye pamadandaula. Ukakhala wa S1, ndi chidendene, kunsi kwa phazi ndi kachala kakang'ono.

Agogo athu zonsezi ankangoti nyamakazi, ndipo sanali okha osadziwa. Munali mu 1934 pamene madokotala awiri a ku Boston ku America, William Mixter ndi Joseph Barr, anaonetsa poyera kuti nkhata yong'ambika ndiyo imayambitsa ululu wotsika ndi mwendo, ndi kuti kuchotsa chidutswa chokanikizacho kumathandiza. Kuno kwathu ndiye ndi dzulodzuloli. Makina oyamba a MRI, ojambula mitsempha ndi nkhata zimene ekisile siziona, anafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008. Chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, chinatsegulidwa mu 2023. Ndikutchula zaka zimenezi pofuna kuti muone chinthu chimodzi: munthu wa chipsera cha msana ndi mlendo m'midzi mwathu. Mayi akabereka, mudzi wonse umadziwa mwambo wake. Ali m'chikuta, sasinja, satunga madzi, palibe womunena ulesi. Akabereka pa siza, apongozi amachita kumulondera kuti asanyamule ndowa. Koma wa msana palibe anamupangira chikuta, chifukwa palibe agogo amene anaonapo m'mene bala lotere limapolera.

Tsono n'chifukwa chiyani ululu umabwerera pamene chokanikiza chinachotsedwa?

Nonse munakhalapo pa mphasa pa maliro, mwendo mutaupinda, mpaka unachita dzanzi. Kumbukirani bwino nthawi imene unayamba kupweteka. Muli chikhalire unali zii. Mutadzuka, kulemera kutachoka, m'pamene nyerere zinayamba kuyenda, singano n'kumabaya, inu n'kumatsimphina anthu akuseka. Umenewo ndi mtsempha wopanikizika kwa mphindi makumi awiri okha. Nanga wa bambo wa ku Bembeke uja, umene unakhala pansi pa katundu miyezi 8? Kapena chotsani njerwa imene yakhalitsa pa kapinga. Udzu wa pansi pake mumaupeza wachikasu, wogona. Njerwa yachoka, inde, koma udzuwo subiriwira madzulo omwewo.

Palinso zina zimene dokotala mwina analibe nthawi yokufotokozerani, poti pa khonde pamakhala mzere wautali. Masiku oyamba thupi limakhala lidakali ndi mankhwala amphamvu a ku fiyeta ndi a mu wodi, ndipo madokotala ena amathira mankhwala oletsa kutupa pa mtsempha penipeni asanatseke bala. Mphamvu yake ikatha, mtsempha umayamba kulankhula. Komanso kuti dokotala afike pa nkhata, amayenera kuukankhira mtsemphawo pambali, ndipo mtsempha sukonda kugwidwa. Umatupa. Onjezani ulendo wa makilomita 85 kuchokera ku Lilongwe pa minibasi, kenaka kabaza, kenaka alendo odzazonda amene mukuwakhalira pa mpando tsiku lonse poopa kuoneka amwano. Kufika sabata yachiwiri, mwendo wakwiya. Patsogolo pake, pakati pa sabata 6 ndi miyezi itatu, chipsera cha mkati chimakhwima, ndipo kwa ena chimaukoka mtsempha pang'ono, ululu n'kudzacheza kachiwiri.

Khungu ndi mtsempha sizipola pa liwiro limodzi, ndipo mkangano wonse wa m'banja umabadwira pamenepa. Khungu limagwirana m'masiku 10 mpaka 14, ulusi n'kuchotsa. Mtsempha umene unangosupuka chikuto chake umafuna masabata angapo, mwina miyezi itatu. Umene unavulala mpaka mkati umayenera kuphuka mwatsopano, ndipo umakula pafupifupi milimita imodzi patsiku. Pa mwezi ndi masentimita atatu okha, kachigawo kamodzi ka chala. Yezani nokha kuchokera m'chiuno mpaka ku phazi. N'chifukwa chake kawirikawiri ululu ndiwo umayamba kuchepa, mphamvu imabwera pambuyo, dzanzi ndilo limatsalira, chaka kapena kupitirira, ndipo kwa ena kadzanzi ka pa chala kamakhala mpaka kalekale. Walira mvula walira matope. Matope ake a opaleshoni ndi amenewa.

Koma ndikakuuzani kuti ululu uliwonse ndi wodikira, ndakuphani. Ulipo wofunika kuthamangira, ndipo pano ndipemphe alangizi a zaumoyo ndi magadiyani mutchere khutu kuposa odwala eni ake, chifukwa wodwala amachita manyazi.

Chingwe chachikulu chochokera ku ubongo chimathera cha pa L1 kapena L2. Kutsika apo mitsempha imalendewera yambirimbiri ngati mchira wa kavalo, ndipo dzina lake la Chilatini, cauda equina, limatanthauza zomwezo. Mu mchira umenewu ndi mmene muli mitsempha yolamulira chikhodzodzo, matumbo ndi malo obisika. Nkhata ikaphulikanso kwambiri, kapena magazi akaundana pansi pa bala, mchira wonse umapanikizika. Munthu amamva mkodzo koma sukutuluka, kapena ukungotuluka iye osadziwa. Chimbudzi chimodzimodzi. Pamene pamakhudza chishalo cha njinga, pakati pa ntchafu ndi kumatako, pamachita dzanzi, moti podzipukuta samva kanthu. Miyendo yonse iwiri imatha kufooka. Izi sizidikira kuti kuche, sizidikira kuti amalume abwere kudzagamula, sizidikira tsiku lolembedwa m'buku. Ndi nkhani ya maola. Mukachedwa, munthu amatha kukhala ndi paipi ya mkodzo moyo wake wonse. Fikani pa chipatala cha boma kapena cha mishoni chimene chili pafupi, ndipo nenani mawu ake osazungulira: "Anandichita opaleshoni ya msana, tsopano mkodzo sukutuluka." Mukangoti chiuno chikupweteka, mukhala pa mzere pamodzi ndi onse a chiuno.

Thamanganinso ngati phazi layamba kukwakwaza pansi, patapata akumavuka yekha poyenda, pamene mutangochoka ku chipatala sizinali choncho. Mungadziyeze nokha m'mawa uliwonse mutagwira khoma: imani pa zidendene, kenaka nyang'amani pa zala. Chimene munkatha dzulo chikakanika lero, musadikire. Bala likafiira, kutentha, kutulutsa mafinya kapena madzi oyera mbee, thupi likatentha ndi kunjenjemera, musangogula mankhwala a malungo pa golosale. Kuno ku mapiri timadwala malungo ndithu, koma munthu wa bala latsopano akatentha thupi, bala liyambe laonedwa. Mutu wopweteka mukaimirira n'kumaleka mukagona umatha kusonyeza kuti madzi a mu msana akudontha. Katumba wa mwendo umodzi akatupa ndi kuuma, kapena mpweya ukayamba kubanika mwadzidzidzi, magazi angakhale ataundana m'njira yake. Zonsezi n'za lero lomwe.

Kuphulikanso kwa nkhata pamalo omwe aja kumachitika. Mabuku a madokotala amati zimagwera anthu apakati pa 5 ndi 15 mwa 100 aliwonse, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira, chifukwa dokotala amachotsa chidutswa chotuluka koma kabowo kamene chinatulukira kamatseka kokha pang'onopang'ono. Ululu wake umakonda kubwera mwadzidzidzi, munthu atawerama, atanyamula kanthu kapena atayetsemula mwamphamvu, ndipo m'malo mochepa umakulirakulira tsiku ndi tsiku. Ngakhale pamenepo si onse ofunika mpeni wachiwiri. Maganizo anga ndi akuti, ngati palibe zizindikiro zoopsa zija, musafulumire kugulitsa ng'ombe kapena dimba kuti mukachitidwenso opaleshoni. Yachiwiri imavuta kuposa yoyamba chifukwa dokotala amadutsa m'chipsera, ndipo nthawi zina zotsatira zake sizifika pa yoyamba. Chithunzi cha MRI nachonso chisakuopseni. Msana uliwonse wong'ambidwa umaonetsa zipsera, ngakhale wa munthu amene akulima bwinobwino.

Ena mwa inu opaleshoni yanu sinali ya nkhata. Inali ya TB ya msana, matenda amene dokotala wa ku London, Percivall Pott, anawalongosola mu 1779, ndipo kuno sanathe. Inuyo mpeni unangochotsa mafinya ndi kuchirikiza mafupa. Wochiza weniweni ndi mapiritsi, amene mumamwa nthawi yotalikirapo kuposa miyezi 6 ya TB ya m'mapapo. Musalekeze chifukwa msana wayamba kumva bwino. Dziwaninso kuti amodzi mwa mankhwala a TB, isoniazid, amatha kuwotcha mapazi, ndipo n'chifukwa chake amakupatsani kapiritsi ka vitamini B6. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kwenikweni. Ululu wochokera ku msana umatsika mwendo umodzi ngati mzere. Wochokera ku isoniazid, ku matenda a shuga, ku HIV kapena ku kachasu umagwira mapazi onse awiri ngati mwavala sokosi za moto. Ndaonapo anthu akutukwana dokotala wa opaleshoni pamene wolakwa ndi shuga amene sanayezetsepo.

Tibwere ku mankhwala. Dandaulo limene ndimalimva kwambiri ndi lakuti panado sakugwira. N'zoona, pa ululu wa mtsempha panado amangonyambita. Koma musabwezere pochulutsa. Munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku, ndipo kumbukirani kuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ogula pa okala ali ndi panado yemweyo mkati. Chiwindi sichiwerenga maina a pa pepala. Bufeni, indosidi ndi diclofenac ndi a banja limodzi, choncho musamwe awiri nthawi imodzi, musamwe m'mimba muli mopanda kanthu, ndipo ngati muli ndi zilonda za m'mimba, BP, vuto la impso, kapena mukumwa ma ARV, funsani kaye. Amene anakuikani zitsulo kuti mafupa agwirane, madokotala ena amaletsa banja limeneli kwa kanthawi poopa kuchedwetsa fupa. Safunsa anadya phula.

Mankhwala amene amafika pa mtsempha ndi ena, ndipo amabwera ndi mbiri yoipa. Amitriptyline anapangidwira matenda a kukhumudwa. Gabapentin ndi pregabalin anachokera ku matenda a khunyu. Mayi wina anandibwezera mapiritsi ake atamva kwa mwana wake wa ku sekondale, amene anafufuza pa foni, nati, "Kodi mwandiyesa wamisala?" Ayi mayi. Pa mlingo wochepa, womwa usiku, amitriptyline amatontholetsa mtsempha wolongolola ndi kubweretsa tulo. Koma sagwira ngati panado. Amafuna masabata awiri kapena anayi akumwedwa tsiku lililonse, ndipo masiku oyamba amaumitsa kukamwa ndi kulemeretsa mutu m'mawa. Ambiri amasiya tsiku lachitatu, atalawa zoipa zake zokha. Sathandiza aliyense, ndipo okalamba ndi a vuto la mtima ayenera kusamala nawo, koma mupatseni mpata musanamuweruze, ndipo posiya muzichepetsa pang'onopang'ono mouzidwa ndi achipatala. Tramadol ndi wa masiku ochepa. Amazolowereka, amadzimbitsa, ndipo akakumana ndi mowa amatha kugoneka munthu osadzukanso.

Kudzimbidwa musakuone kuchepa. Kuchima pa chimbudzi kumakankha nkhata mofanana ndi kunyamula katundu. Mgaiwa, nyemba, nkhwani, mapichesi athu ano pa nyengo yake, ndi madzi ambiri. Chimbudzi chathu chonjuta nachonso ndi mayeso. Anyamata a pakhomo aboole mpando wakale auike pa dzenje, kapena azike mtengo wolimba woti munthu agwire podzuka. Ntchito ya ola limodzi imeneyo.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, ndigone kapena ndiyende? Yendani. Kugona masabata kumafooketsa minofu imene imachirikiza msana, ndipo mtsempha umafuna kutereraterera m'njira yake kuti chipsera chisaumange. Koma pali msampha umene anthu olimbikira ntchito amagwamo. Tsiku limene mwadzuka bwino mumati ndibweze masiku otayika, mumasesa bwalo lonse, mumakaona ku dimba, madzulo moto. Mumagona masiku atatu, mukadzuka bwino mumabwerezanso. Njira yabwino ndi yotopetsa kuimva. Sankhani mtunda umene mungayende ngakhale tsiku loipa, kaya ndi kufika pa mtengo wa mango wa kuseri, muziyenda katatu kapena kanayi patsiku, ndipo tsiku labwino musapitirire. Pakatha masiku angapo onjezani pang'ono, mpaka pa mjigo, koma chimanjamanja. Ululu ukakwera pang'ono n'kutsika pofika mawa, palibe chaonongeka. Ukagonera mpaka mkuja, mwapyola muyeso, bwererani pa mtunda wakale. Dziko lathu lino ndi la zitunda, tsono yambani pa malo athyathyathya. Kutsetsereka kumagwedeza msana kuposa kukwera, ndipo nthawi ya dzinja dothi lathu lofiira limaterera. Ndodo si manyazi.

Masabata 6 oyamba adani ndi atatu: kuwerama, kupotokola thupi ndi kunyamula. Khasu la mpini waufupi lili ndi onse atatu pakamodzi. Chigubu cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Thumba la fetereza ndi 50. La kachewere lija losokerera pamwamba mumalidziwa nokha. Mwana wa chaka chimodzi kumbuyo ndi pafupifupi makilogalamu 10, ndipo amayi ambiri samuwerengera ngati katundu. M'masabata amenewa musanyamule choposa ketulo ya madzi. Ntchito yolemetsa, kugalauza, kukumba, kusenza, ambiri amayamba pakatha miyezi itatu, ndipo a zitsulo amadikira kuposa apo, monga wanenera dokotala wawo. Kukhala pansi, poyamba, kusapitirire mphindi 20 kapena 30 musanadzuke. Anyamata amene mukufulumira kubwerera ku Joni, basi yodutsa pa chipata chathu chino kulowera ku Tete imakukhazikani masiku awiri pa mpando umodzi. Tikiti idikire.

Podzuka, tembenukani thupi lonse pamodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, tsitsani miyendo, dzikankheni ndi mkono. Kudzuka kuchokera pa mphasa ya pansi n'kovuta kwambiri, choncho ngati pali wachibale wa bedi, abwereke kwa miyezi iwiri. Pogona chammbali ikani pilo kapena chitenje chopinda pakati pa mawondo. Za kuchipinda sindilowamo pamaso pa apongozi, koma ofuna kufunsa andipeza panja, ndipo funsolo si lachibwana. Osuta, ndinene kamodzi: fodya amachepetsa magazi opita ku nkhata ndi ku fupa, ndipo amene ali ndi zitsulo, mafupa awo amatha kukana kugwirana chifukwa cha ndudu.

Tili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi, ndipo June ndi July wa kuno sasewera. Ambiri mumati chisanu chimadzutsa ululu. Ndimakukhulupirirani, poti minofu imakungika ndipo munthu amayenda mochepa. Koma chisanu sichiphwasula opaleshoni. Choopsa ndi moto umene mukuothawo. Phazi la dzanzi silimva kupsa. Ndinaonapo munthu amene msana wake unachira bwinobwino koma anakhala miyezi akutsukitsa chidendene chimene chinapsa pa mbaula iye akucheza. Valani sokosi, yesani madzi osamba ndi dzanja musanaponde, ndipo madzulo aliwonse wina akuyang'aneni kunsi kwa phazi ngati kwalowa minga.

Usiku ndiye nthawi ya nkhondo. Mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu sungoyenda molunjika kukafika ku ubongo. Mu msana muli ngati chipata chimene chimatseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono. N'chifukwa chake mukagunda msongolo pa chitsa mumasisita, ndipo kusisitako kumathandizadi. Masana maso, makutu ndi manja zimapanikizana pa chipatacho. Usiku ululu umadutsa wokha, ndipo umatengana ndi anzake: fizi ya ana, fetereza amene sanagulidwe, munda umene anzanu ayamba kale kusosa. Mantha ndi kusowa tulo zimatsegula chipata. Izi sizitanthauza kuti ululu wanu ndi wongoganizira. Ndi weniweni. Ukakudzutsani, musalimbane nawo muli chigonere. Dzukani, yendani pang'ono m'nyumba, pumirani pansi mofatsa, tsegulani wailesi motsitsa. Ndipo ngati mtima wafika poti chakudya sichikoma, anthu simukuwafuna, kapena mwayamba kuganiza kuti kuli bwino kungochoka pa dziko, uzani munthu lero, kaya ndi mlangizi, abusa, a sheikh kapena namwino. Abambo, ndikunena inu makamaka, amene munaphunzitsidwa kuti mwamuna salira.

Chida chimene ndimachikhulupirira kuposa zonse ndi kope la ana asukulu. Madzulo aliwonse lembani tsiku, pamene ululu wafika, kaya ndi ku chala, ku katumba kapena m'thako, kukula kwake pakati pa 0 ndi 10, ndi chimene mwagwira tsikulo. Osayerekeza lero ndi dzulo, mudzalira. Yerekezani sabata ino ndi ya mwezi watha. Katswiri wa mafizo wa ku New Zealand, Robin McKenzie, anaona kuti ululu ukamachoka ku phazi n'kumabwerera chokwera kulinga ku msana, ndiye kuti zinthu zikuyenda bwino, ngakhale msanawo utamapweteka kuposa kale. Ukamatsika kulinga ku zala, m'pofunika kuonana ndi achipatala. Kope limeneli mukapita nalo kwa dokotala, mphindi zisanu zimene ali nazo zimakwana.

Za kwa asing'anga ndi za mapemphero ndinene mosabisa, poti ndine mwana wa konkuno. Pempherani, ndipo a mpingo abwere adzakuimbireni. Koma wina asakuuzeni kuti mutaye mapiritsi kapena mudumphe posonyeza chikhulupiriro. Mphini pafupi ndi bala, pamwamba pa zitsulo, kapena pa mwendo wa dzanzi ndi khomo lolowetsera tizilombo, ndipo tizilombo tikafika pa chitsulo, kawirikawiri kuchotsa kwake ndi opaleshoni ina. Wokupondani pamsana kapena kukukokani miyendo kuti awongole mtsempha, mukanireni ngakhale atakhala malume anu. Ndipo musanaloze chala mayi wokalamba wa kuseri kwa mudzi, kumbukirani njerwa ija ndi udzu wake.

Bambo wa ku Bembeke uja tinamuyeza. Mkodzo unali bwino, mphamvu ya phazi inalipo, bala linali louma. Tinamubweza ndi mapiritsi a usiku ndi kope. Sabata yachisanu anabwera akudandaula kuti tsopano thako ndi limene lavuta, ine n'kumwetulira, iye n'kukwiya. Pofika mwezi wachinayi anayamba kupalira ndi khasu la mpini wautali, theka la m'mawa lokha. Chala chachikulu chija n'chadzanzi mpaka lero, ndipo sayenda wopanda nsapato. Si onse amene zimawathera chonchi. Alipo amene ululu umawatsalira zaka, ndipo amenewo ayenera kupitiriza kuonedwa, osati kuuzidwa kuti azolowere. Koma chimene chinamupulumutsa bamboyu chaka chimenecho sindine. Anali mlamu wake yemwe uja, amene atamvetsa anabwera ndi ana ake kudzakumba kachewere yense.

Tsono pempho langa lipite kwa inu mafumu, poti mawu anu ndi amene amamveka kumudzi. Munthu akabwera ndi chipsera cha msana, muikireni chikuta chake. Miyezi itatu asaitanidwe kokatuta mchenga kapena kuumba njerwa za chitukuko, asalowe m'manda kukakumba, ndipo asalipitsidwe chindapusa chifukwa chosapezekako. Pa maliro ndi pa bwalo mupatseni mpando, ngakhale ali mayi, ngakhale ali wamng'ono kwa inu, ndipo akadzuka nkhani ili mkati musamuyese wamwano. Wina akakayika, buku la kuchipatala lilipo, tsiku la opaleshoni linalembedwamo, awerenge yekha masabata.

Amene mwabwera ndi mabuku anu, musachoke. Ndikhala pa khonde mpaka nditaona lomaliza.